Mizu ikalowa m'paipi ya chimbudzi

Madzi akayamba kuchedwa kutsika m'chimbudzi ndi m'bafa nthawi imodzi, ine ndimayamba kukayikira mizu ya mitengo. Mizu siboola paipi yabwinobwino. Imalowera pamng'alu kapena polumikizira pomwe pakudontha, makamaka m'mapaipi akale adothi.

Valani magolovesi, tsegulani manhole (dzenje lokhala ndi chivundikiro lomwe paipi ya zonyansa imadutsamo), mulowetse ndodo zotsukira paipi zokhala ndi chodulira kumapeto, muzipotokola mpaka madzi ayende. Kenako mutha kuthira mankhwala otchedwa copper sulphate kuti mizu yotsala ife, koma ngati muli ndi septic tank (thanki yapansi yolandira zonyansa za m'chimbudzi) samalani, chifukwa mukachulutsa amaphanso tizilombo towoletsa zonyansa.

Chonde musalekere pomwepo, mizu imaphukanso. Itanani pulambala aunike ndi kamera, mukumbe paswekapo, muikepo paipi ya pulasitiki ya PVC yomata bwino polumikizira.