Dodge Challenger R/T ndi R/T Scat Pack: mmene mungazisiyanitsire musanatulutse ndalama

Mukaziimika pamodzi, Challenger R/T ndi R/T Scat Pack zimaoneka ngati mapasa. Thupi ndi limodzi, zitseko ziwiri, zonse ndi za injini ya HEMI V8 yotembenuza matayala akumbuyo, ndipo zonse zinkapangidwa ku fakitale ya Brampton ku Ontario, m'dziko la Canada, mpaka pomwe anasiya kuzipanga mu Disembala 2023. Koma kusiyana kwakukulu kwabisala mkati. Pano tikukamba za galimoto za 2015 mpaka 2023, zaka zimene mitundu iwiriyi inkagulitsidwa limodzi.

Yambani ndi VIN, nambala yozindikiritsa galimoto, osati zolembedwa pathupi. Kachizindikiro ka njuchi ka Scat Pack ndi nambala ya 392 yomata m'mbali zimagulitsidwa pa intaneti, ndipo munthu aliyense akhoza kuzimata pa R/T madzulo amodzi. VIN ili ndi zilembo ndi manambala 17, imaoneka pansi pa galasi lakutsogolo mbali ya dalaivala komanso pa kapepala komata pa felemu ya chitseko. Werengani kuchokera kumanzere mpaka pa malo achisanu ndi chitatu. Mukapeza T, injini ndi ya malita 5.7, ndiye kuti ndi R/T. Mukapeza J, ndi ya malita 6.4. Mukapeza G, mwakumana ndi V6 ya malita 3.6 yovala malaya a eni. Onetsetsaninso kuti VIN ya pagalasi, ya pachitseko ndi ya pamapepala zikugwirizana. Kenako lowani mkati muyang'ane wotchi ya liwiro: ya R/T imathera pa 160 mph (mamailosi pa ola), ya Scat Pack pa 180 mph.

Injini ya 5.7 imatulutsa 375 hp (muyeso wa mphamvu ya injini) ndi 556 Nm (muyeso wa mphamvu yopotokola) ikakhala ndi giyabokosi yamanja, ndipo 372 hp ndi 542 Nm ikakhala ya otomatiki. Ya 6.4, imene amaitchula kuti 392 potengera ma cubic inch ake, imatulutsa 485 hp ndi 644 Nm mosatengera giyabokosi. Kusiyana kwa 110 hp kumeneku simukumva mukamayenda pang'onopang'ono m'tauni. Kumadzaonekera injini ikamazungulira mothamanga kwambiri: 5.7 imayamba kutha mpweya pomwe 6.4 ikadali kukoka. Kuchoka poima kufika 100 km/h, R/T imatenga masekondi asanu ndi pang'ono, Scat Pack anayi ndi theka kapena kucheperapo ngati matayala agwira.

Sikuti 6.4 ndi 5.7 yongokulitsidwa masilinda. Crankshaft yake ndi ya chitsulo chosula, ili ndi timipopi topemerera oyilo kunsi kwa mapisitoni kuti azizizira, mavavu ake ndi akuluakulu, ndipo compression yake ndi 10.9:1 pomwe ya 5.7 ndi 10.5:1. N'chifukwa chake maganizo oti "ndigule R/T, ndidzaikweza pang'onopang'ono" amaluzitsa. Kuti 5.7 ifike pafupi ndi 485 hp pamafunika camshaft ina, ekizozi ina, ndi kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini, yomwe kuyambira 2015 imabwera yokhomedwa ndipo imayamba yatsegulidwa kaye polipira. Mukamaliza zonsezo mabuleki, difu ndi zoziziritsa zimakhala zidakali za R/T.

Giyabokosi ndi zofanana: yamanja ya magiya 6 ya Tremec TR-6060, kapena otomatiki ya magiya 8 yotchedwa TorqueFlite, yochokera pa pulani ya ZF. Za otomatiki zokha ndi zimene zili ndi MDS, njira yozimitsa masilinda anayi galimoto ikamayenda mosalemedwa pamsewu wautali. Zamanja zilibe.

Tsopano gwadani muyang'ane kuseri kwa marimu, chifukwa ndalama zambiri zabisala kumeneko. R/T wamba ili ndi ma caliper (zopanira mapadi a mabuleki pa disiki) a mapisitoni awiri kutsogolo ndi madisiki a 345 mm. Scat Pack imabwera ndi mabuleki a kampani ya Brembo a mapisitoni anayi kutsogolo ndi kumbuyo, madisiki a 360 mm kutsogolo ndi 350 mm kumbuyo. Ya Dynamics Package (zowonjezera zolipira padera) kapena ya Widebody (ya thupi lotambalala) ili ndi Brembo za mapisitoni 6 kutsogolo ndi madisiki a zigawo ziwiri okulirapo. Galimoto iyi imalemera pafupifupi makilogalamu 1,900. Poima kamodzi mwadzidzidzi mabuleki a R/T amagwira bwino ndithu, koma mukaponda mwamphamvu kangapo motsatizana, monga potsika phiri mothamanga kapena pabwalo la mpikisano, amatentha, phazi limayamba kumira ndipo mtunda woimira umatalika. Koma musaone Brembo n'kunena kuti basi ndi Scat Pack, pakuti R/T zina za zaka zomalizira zinagulidwa zili ndi Brembo ngati chowonjezera. Kumbali ya thumba, madisiki a zigawo ziwiri aja ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo mapadi a Brembo amadetsa marimu ndi fumbi lakuda m'masiku ochepa. Yendetsani chala m'mphepete mwa disiki itazizira. Mukamva mlomo wotukuka, ikani mtengo wa madisiki atsopano pa zokambirana.

Matayala ndi pamene Scat Pack wamba imakhumudwitsa. Anaipatsa 245/45R20, saizi yomweyo ya R/T, ndipo 644 Nm pa tayala lopapatiza chonchi ndi utsi wokhawokha. Dynamics Package imakweza kufika 275/40ZR20. Widebody, yomwe inabwera pa Scat Pack mu 2019, ili ndi 305/35ZR20 pa marimu a mainchesi 11 m'lifupi, ndipo thupi lake ndi lotambalala ndi pafupifupi masentimita 9. Ngati mukusankha pakati pa Scat Pack ziwiri, ya matayala aakulu ndiyo imafikitsa mphamvu pansi. Dziwani kuti matayala akumbuyo a 305 amatha chaka chisanathe kwa munthu wa phazi lolemera.

Difu nayo ifufuzeni. Scat Pack iliyonse ili ndi limited slip, yomwe imakakamiza matayala onse awiri kukoka. R/T zambiri za otomatiki zinatuluka ndi difu wamba, imene imataya mphamvu ku tayala lomwe likuterereka. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani galimoto pamalo osalala, tchingani matayala akutsogolo ndi mitengo, kwezani kumbuyo konse pa jeke ndi kuika zochirikiza, masulani buleki yoimikira galimoto, ikani giya pa N, kenako tembenuzani tayala limodzi ndi manja. Linzake likazungulira mbali yomweyo, ndi limited slip. Likazungulira mobwerera, ndi difu wamba.

Pa zothira, musasakanize. Injini zonse zimalowa oyilo pafupifupi malita 6.6, koma 5.7 imafuna 5W-20 (kapena 0W-20 pa zina za zaka zomalizira) pomwe 6.4 imafuna 0W-40 wa full synthetic. Kuthira 5W-20 mu 6.4 kumasiya mabeyaringi opanda chitetezo chokwanira injini ikatentha. Kuthira oyilo wokhuthala mu 5.7 ya otomatiki kumasokoneza MDS, chifukwa imadalira kuthamanga kwa oyilo, ndipo nyali ya injini ikhoza kuyaka. Mapulagi ndi 16 pa injini iliyonse, awiri pa silinda, choncho makaniko akakuuzani kuti mugule asanu ndi atatu, dziwani kuti HEMI sanaitsegulepo. Petulo: 6.4 imafuna 91 pa muyeso wa ku America, 5.7 ya otomatiki imakhutira ndi 89. Muyeso umenewu ndi wosiyana ndi wa RON umene umalembedwa pa mapampu kum'mwera kwa Africa kuno ndi ku Britain. 91 wa ku America amafanana ndi 95 RON. Mukathira wotsika, kompyuta imabweza timing kuti injini isagogode, ndipo mphamvu imene munalipirira imapita. Kamwedwe sikasiyana kwambiri: m'tauni zonse zimayenda makilomita 6 kapena 7 pa lita, pamsewu wautali pafupifupi 10, ndipo thanki ndi ya malita 70.

Matenda awo ndi amodzi, ndipo eni ake amawatcha HEMI tick. Pemphani kuti muipeze galimoto itagona usiku wonse osalizidwa, mugwire boneti kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, ndiyeno muilize boneti ili yotsegula. Kaphokoso ka "tiki-tiki" kamene kamatha pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu kawirikawiri ndi mabawuti oduka a ekizozi manifodi, vuto lodziwika kwambiri pa 5.7; chitsulo chikatentha chimafutukuka n'kutseka mpata. Kamene sikatha injini itatentha, kochokera pamwamba pa injini, ndi koopsa: kagudumu ka lifter (kachitsulo koyenda pa camshaft kokankha mavavu) kakhala kakukanirira ndipo kakudya camshaft. Kukonza kwake ndi kuchotsa mahedi onse, kusintha ma lifter 16 ndi camshaft, ndipo tizitsulo tikakhala titafalikira mu oyilo ntchito imakula. Galimoto zosiyidwa zikulira zitaima kwa maola ambiri, ndi zochedwa kusinthidwa oyilo, ndizo zimagwidwa kwambiri. Musanagule, dulani fyuluta ya oyilo muone ngati muli tonyezimira.

Pa 6.4 funsaninso ngati inaikidwapo supercharger. Mapisitoni ake a kufakitale sapirira mpweya wopanikizidwa kwambiri, amasweka m'mphepete mwa maring'i. Mabawuti okandika, mapaipi odulidwa ndi mawaya olumikizidwa mwachilendo pamwamba pa injini zimaulula zimene wogulitsa sakunena.

Kwa munthu wofuna kulira kwa V8 popita kuntchito ndi maulendo a Loweruka, R/T ya giyabokosi yamanja ndi yokwanira, ndipo mabuleki, oyilo ndi inshuwalansi zake n'zopepukirako. Wofuna liwiro lenileni asunge ndalama agule Scat Pack kamodzi, makamaka ya 2019 kupita m'tsogolo, yomwe ili ndi line lock yotenthetsera matayala akumbuyo. Ndipo ngati mukufuna kuiitanitsa kuno, kumbukirani kuti Challenger yonse inatuluka ndi chiwongolero kumanzere. Pamisewu yathu yoyenda kumanzere, kupitirira lole kumafuna maso a amene mwakhala naye, ndipo South Africa ili ndi malamulo okhwima pa kulembetsa galimoto zotere, choncho funsani ku ofesi yolembetsa galimoto ya dziko lanu musanalipire sitima.