Momwe mungakonzere bulaketi ya shoko ikathyoka pa pikapu yokweza

Hilux yanga ya 2008 ndinaigula yokweza kale, mwini wake woyamba anaikweza mainchesi 2 kuti izioneka yaukali, ndipo kunena zoona ndi zomwe zinandikopa. Tsiku lina ndikupita kumudzi ku Ntchisi kukatenga chimanga, galimoto ilibe katundu, nditangosiya tala ndikulowa msewu wafumbi wa mabampu uja ndinangomva kuti gu! kumbuyoku kenako kwekwere kwekwere. Kutsika kukasuzumira, shoko ikulendewera, bulaketi yakumtunda, kachitsulo kamene kamagwira shoko, yang'ambika pa chasisi ngati pepala. Ndinaimasula shokoyo ndikuiponya kumbuyo, ulendo wonse galimoto ikuvina.

Ntchito imeneyi ndaipanga kawiri pa galimoto yomweyi, kachiwiriko chifukwa koyamba ndinapusa. Nde ndikuuzani mmene ndinapangira ulendo wachiwiri.

Zofunika: jeke, masitandi awiri olimba, gilayinda ndi madisiki odulira komanso opalira, dirilo, makina owotcherera, marodi, tepi yoyezera, katoni, puleti yachitsulo ya mamilimita 5 kapena 6, ndi penti yoteteza dzimbiri ya red oxide. Puletiyo musagule shiti yonse ku hadiweya, mungolira ndi mtengo, pitani kwa anyamata owotcherera mageti akugulitsani kachidutswa kotsala. Koma muone bwino, ena amakupatsa chitsulo cha dzimbiri chopaka penti pamwamba. Chipaleni pang'ono pompo musanapereke ndalama.

Poyamba kwezani galimoto, masitandi akhale pansi pa chasisi osati pa difu (chitsulo chachikulu chimene chimagwira matayala akumbuyo), chotsani tayala. Njerwa ayi chonde, njerwa zimaphwanyika osachenjeza ndipo inu mudzakhala muli pansi. Chotsani waya wa batire wa negativu. Kenako yang'anani zomwe zayandikana ndi pomwe mukawotcherere: thanki ya mafuta, mapaipi a dizilo, paipi ya mabuleki, mawaya opita ku magetsi akumbuyo. Ine ndimaphimba ndi chidutswa cha lata ndi chiguduli chonyowa, ndipo ngati ili mbali ya thanki ndipo ndi ya petulo, tsitsani thankiyo basi, musachite ulesi. Ndowa ya mchenga ikhale pafupi.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere, chifukwa ndi pomwe ndinaluza ndalama. Musanagwire gilayinda dzifunseni kuti bulaketiyi yathyoka chifukwa chani. Ulendo woyamba ine sindinafunse, ndinangopita kwa mkulu wina wowotcherera m'mbali mwa msewu, anayang'ana ndikuti "bwana iyi ndi ya mphindi 20, ikachokanso mudzanditukwane". Anaimata bulaketi yomweyo yong'ambikayo pamwamba pa penti ndi matope, ndinalipira, tinabwezera shoko yomweyo. Sipanathe masabata atatu, pa hampu chabe m'tauni muno, gu! Ulendo uno inachoka ndi kachidutswa ka chasisi komwe. Kumutukwana sindinapite, vuto silinali lake lokha.

Nkhani inali yoti amene anakweza galimoto uja anasintha masipuling'i koma mashoko anasiya omwe aja a kufakitale. Galimoto ikakwera, mtunda wa pakati pa chasisi ndi difu umatalika, nde shoko yaifupi imakhala yotambasuka kale pafupifupi kufika kumapeto olo galimoto itangoima. Tayala likangogwera m'dzenje, masipuling'i amakankha difu pansi, shoko yatha utali wake, ndiye chimene chimagwira kulemera konseko ndi bulaketi. Imakokedwa ngati dzino tsiku ndi tsiku mpaka kuzuka. Ndi chifukwa chake yanga inathyoka ndilibe katundu, galimoto yopanda kanthu ndi imene imadumpha kwambiri. Palinso vuto la mbali inayo, ena amaika shoko yaitali kwambiri, akanyamula matumba shoko imatsekeka yonse kalabala koletsa kamene kamakhala pakati pa difu ndi chasisi kasanagunde, bulaketi imamenyedwa kuchokera pansi. Kuyang'ana mmene yang'ambikira mutha kudziwa, ngati chitsulo chapindikira pansi yakokedwa, ngati chapindikira mmwamba yamenyedwa.

Kuyeza kwake ndi uku. Shoko itachotsedwa mbali zonse ziwiri, chasisi ili pa masitandi, tsitsani difu pang'onopang'ono ndi jeke mpaka ilendewere yokha pa masipuling'i, diso lili pa paipi ya mabuleki ya labala ija kuti isakokeke. Yezani kuchokera pakati pa pini yakumtunda pomwe shoko imamangidwa mpaka pakati pa pini yakumunsi. Popeza mbali yothyokayo ilibe poyezera, yezani mbali yabwinoyo. Lembani. Kenako tambasulani shoko yanu mpaka kumapeto, yezani diso ndi diso, ndiye kuti mabowo awiri a kumapeto kwake olowa pa mapini. Yanga inaperewera masentimita 4, ndinangoti ha, ndikukhala pansi kaye. Shoko yotambasula ikuyenera kufika pa muyeso uja kapena kupitirira pang'ono, osati kuikokera ndi chitsulo kuti ilowe pa pini ngati mmene tinapangira koyamba kaja, anthu awiri kukanikiza wina kumenya ndi hamala, ndipo palibe anaganiza kuti mwina chinthuchi chikukana pa chifukwa.

Muyeso wachiwiri ndi wotsekeka. Bwezerani matayala, galimoto iime pansi bwinobwino, yezaninso pini ndi pini, kenako yezani mpata wa pakati pa kalabala koletsa kaja ndi pomwe kamagunda. Chotserani mpatawo pa muyeso wa pini ndi pini, muchotserenso masentimita ena awiri poti labala amafinyika. Shoko mukaikanikiza mpaka kutsekeka ikuyenera kukhala yaifupi kuposa nambala imene mwapezayo. Ikakhala yaitali, kalabalako kaikireni kachitsulo kotalikitsa kuti kazigunda msanga.

Za kugula mashoko ndiye mutu wina. Enieni a galimoto yokweza ngati Old Man Emu kapena Ironman ambiri amaitanitsa ku Johannesburg, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wake ukaumva umayamba wakhala chete. Ine ndinatenga tepi yanga ndikuyenda nayo m'mashopu a masipeya, osatchula dzina la galimoto, kungoyeza basi, mpaka ndinapeza a galimoto ina otalika bwino ndi maso ofanana. Mukatchula Hilux akupatsani aafupi omwe aja. Ndipo samalani ndi a kaunjika otsuka ndi parafini ndikupopera penti yachikasu, bokosi lokongola koma ukaikanikiza ndi dzanja imangolowa fwaa ngati pampu ya njinga. Mnyamata wina anandiumiriza kuti "madala awa ndi orijino, angotsika kumene", pomwe pa ndodo yake pakuoneka mkwasa wa oyilo. Gulani awiri, osati imodzi.

Mukathana ndi zoyezazo, dulani bulaketi yakaleyo yonse, musaiphatikenso. Palani chasisi mpaka chitsulo chiwale mbee, masentimita angapo kuzungulira malo onse, ndi pomwe muone ming'alu yobisika. Mng'alu uliwonse boolani kabowo ka mamilimita 4 kumapeto kwake kuti usapitirire, kumbani kangalande ndi disiki motsata mng'aluwo, wotchererani, palani pasalale. Pamwamba pake pabwere puleti yolimbitsa, yaitali kuposa malo owonongekawo, makona ake ozungulira kapena yosongoka ngati daimondi. Puleti ya folokona yowotcherera mzere woongoka kuchoka pamwamba pa chasisi mpaka pansi ndi yomwe imathyola chasisi pambuyo pake, imang'ambika motsata mzere womwewo.

Bulaketi yatsopano jambulani pa katoni potengera ya mbali inayo, dulani, yesani pa galimoto, ikakhala bwino ndi pomwe mukopere pa puleti. Onjezani tizidutswa ta makona atatu tolimbitsa m'mbali mwake. Pini yake ngati yakale ili bwino igwiritseni, apo ayi bawuti ya giredi 8.8 kapena 10.9, nambala imalembedwa pamutu, yopanda nambala isiyeni ndi ya mageti.

Musawotcherere zonse nthawi imodzi. Gwiritsani ndi timadontho tinayi, ikani shoko, galimoto iime pa matayala ake, muone ngati mabushi, timalabala ta m'maso a shoko, akhala moongoka osapotoka komanso shoko siikukhudza chasisi, ekizozi kapena tayala la sipeya. Zikakhala bwino chotsani shokoyo musanapitirize, moto umapsereza mabushi ndipo mkati mwake muli oyilo ndi gasi. Waya wa ethi wa makina owotcherera mangani pa chasisi pafupi pomwepo. Marodi ine ndinagwiritsa 7018 a 3.2, amalimba kuposa 6013 amene ali paliponse aja, koma amafuna ouma ndipo pa timakina topanga pamanja tija amavuta kuyatsa, amangomatirira. Ngati dzanja lanu silinazolowere kuwotcherera chagada, lipirani munthu amene amapanga matelela kapena mabodi a malole, inu muime pompo. Aziwotcherera pang'onopang'ono masentimita 3 kapena 4, kusiya pazizire, kupita mbali ina. Madzi osathira, olo magetsi akhale kuti atsala pang'ono kuthima.

Zotsalazo ndi zodziwika. Gogodani makoko, bulashi, red oxide, penti yakuda. Ikani mashoko ndi mabushi atsopano, manati mumange komaliza galimoto itaima pansi osati ili m'malere. Batire, tayala, yendani.

Pakatha sabata lowaninso pansi ndi tochi mumangenso manati ndikuona ngati penti yasweka penapake m'mbali mwa puleti. Ndipo mbali inayo muipale muione, yanga nayonso inali itayamba kale kamng'alu ngati tsitsi kuseli kwa pini, tinaipanga Loweruka lotsatira ndi puleti yotsala ija.