Kuunika Mtima Wokhuthala Minofu Pofuna Kudziwa Kumene Matenda Akulowera

Mnyamata wopalasa bwato pa nyanja ya Malombe akakomoka ali pa ntchito popanda chifukwa chooneka, wachipatala aganizireko za nthenda yokhuthalitsa minofu ya mtima, imene madokotala amaitcha hypertrophic cardiomyopathy. Nthendayi ndi yakumtundu ndipo imapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 500. Sikani ya mtima imathandiza kuizindikira komanso kuona amene ali pafupi ndi ngozi.

Musanagwire makina, yezani BP, chifukwa kwathu kuno mitima yambiri yokhuthala imakhala ya anthu amene akhala ndi BP yokwera kwa zaka osamwa mankhwala. Kenako gonekani wodwala chakumanzere ndipo muyeze khoma la chipinda chakumanzere cha m'munsi pa nthawi imene mtima wamasuka n'kudzaza magazi, kuyambira pafupi ndi valavu ya mitral, imene ili pakati pa zipinda ziwiri zakumanzere, kufikira kunsonga kwa mtima. Kwa wamkulu, mamilimita 15 kapena kuposa opanda chifukwa china amaloza nthendayi, pamene kwa m'bale wa wodwala mamilimita 13 ndi okwanira. Khoma likafika mamilimita 30, chiopsezo cha imfa yadzidzidzi chimakula. Samalani kuti musaphatikize timinofu ta chipinda chakumanja m'muyezo, pakuti dzanja likapendeka pang'ono khoma limaoneka lonenepa kuposa mmene lilili.

Pamene ambiri timanamizidwa ndi poyeza njira yotulukira magazi m'chipinda chakumanzere cha m'munsi. Munthu wagona phee pabedi angaoneke kuti njirayo ili bwino, chikhalirecho akakwera chitunda valavu ya mitral imakokedwera kukhoma n'kutchinga magazi. Choncho mukayeza ndi Doppler, mbali ya sikani yoyeza liwiro la magazi, wodwala ali chigonere, muuzeni atseke pakamwa ndi mphuno, akankhe mpweya ngati munthu wodzimbidwa ali kuchimbudzi, inu muyezenso; ngati n'kotheka, bwerezani ataimirira. Liwiro la magazi mulichulukitse ndi lokha, kenako ndi 4, kuti mupeze kukula kwa kutsekeka m'muyezo wa mmHg, womwe uja woyezera BP. Mamita 2.7 pa sekondi amapereka pafupifupi 30 mmHg, kusonyeza kuti njira yatsekeka, ndipo mamita 3.5 amafika pafupi ndi 50 mmHg, pamene akatswiri amayamba kuganizira za opaleshoni ngati mankhwala sakuchepetsa phuma. Chithunzi cha kutsekekaku pa Doppler chimasongoka mochedwa ngati mpeni, ndipo musachisokoneze ndi cha magazi obwerera m'mbuyo pa valavu ya mitral, amene amathamanga koposa.

Chipinda chakumanzere cha m'mwamba chikafika mamilimita 45, yembekezerani kuti mtima ungayambe kugunda mosokonekera, zimene zimabweretsa sitiroko. Mphamvu yopopa ikatsika pansi pa 50 peresenti, matenda apita patali, chifukwa mtima woterewu umayenera kupopa mwamphamvu kuposa wa munthu wabwinobwino.

Manambalawa paokha sakwanira. Njira yowerengera chiopsezo cha imfa yadzidzidzi m'zaka zisanu imene bungwe la European Society of Cardiology linatulutsa mu 2014 imaphatikiza miyezo ya khoma, ya chipinda cha m'mwamba ndi ya kutsekeka kwa njira pamodzi ndi zaka za wodwala, kukomoka, kugunda kothamanga kojambulidwa ndi makina a Holter (amene wodwala amavala kuti azijambula kagundidwe ka mtima), ndi imfa yadzidzidzi m'banja. Yomalizayi mufunse mwaulemu komanso modekha, chifukwa wodwala sanganene kuti amalume ake anafa ndi mtima, koma kuti anamira m'nyanja ngakhale ankadziwa kusambira. Chiopsezo chikafika 6 peresenti, pamafunika kuganizira kachipangizo kodzutsa mtima koikidwa pansi pa khungu, choncho mutumizeni kwa akatswiri ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, miyezo yonse italembedwa bwino m'buku lake lachipatala.

Amene njira yake yatsekeka asapatsidwe mankhwala a BP otchedwa nifedipine kapena mankhwala ambiri okodzetsa. Kutentha kwa Mangochi mu Okutobala kumaumitsa thupi n'kuwonjezera kutsekekako, motero akumbutseni kumwa madzi, ndipo ofuna kusala pa Ramadan mukambirane nawo mwezi usanaoneke. Sikani ibwerezedwe pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ana, makolo ndi abale a bere limodzi aitanidwe kuti nawonso adzaunikidwe.