Kukonza klatchi yoyendera mafuta pa njinga yamoto

Njinga zambiri za kabaza kuno ku Dedza klatchi yake ndi ya waya, koma zikuluzikulu zina klatchi yake imayendera mphamvu ya mafuta (hydraulic). Chogwirira chikayamba kufewa, magiya n'kumavuta kulowa, yang'anani slave cylinder, kachipangizo ka pisitoni kokankha klatchi, pambali pa injini. Mukapeza chinyontho, rabala yotchinga mafuta yatha.

Musanathire chilichonse, werengani pachivindikiro cha kathanki ka mafuta a klatchi ka pahandulo. Palembedwa mtundu wa mafuta oyenera: DOT 4 kapena mineral oil. Mukasakaniza, marabala onse amafufuma n'kuwonongeka.

Masulani mabawuti a slave cylinder, tulutsani pisitoni, sinthani rabala, pushrod (kachitsulo kamene pisitoni imakankha) muipukute bwino. Kenako chotsani mpweya: lowetsani kapaipi pa nipo (kabawuti kotulutsira mpweya ka pa slave cylinder), finyani chogwirira, tsegulani nipo pang'ono, tsekaninso musanasiye chogwirira. Bwerezani mpaka thovu litatha, koma kathanki kasaume. DOT 4 imadya penti, ikadontha pukutani msanga.

Release bearing, beringi ya mkati mwa klatchi, ikatha imadziulula yokha: mukafinya klatchi imalira, mukasiya ili zii. Chimaipha msanga ndi chizolowezi choima nthawi yaitali muli mugiya, klatchi chifinyire, monga podikira wokwera pasiteji. Tsitsani oyilo, tsegulani kavala ya klatchi, beringiyo muizungulize ndi chala. Ikamakhakhala kapena kugwedera, gulani ina, ndipo potseka ikani gasiketi yatsopano.