Musathamangire tanthauzo loyamba mu dikishonale

Mukakumana ndi liwu lalifupi la Chingerezi, monga bank, yambani mwaona liwu limene layandikana nalo, kenako mufufuze awiriwo pamodzi. River bank ndi gombe la mtsinje, blood bank ndi kosungira magazi kuchipatala.

Onaninso timanambala timene dikishonale imaika pa mawu, monga bank¹ ndi bank². Timeneti timasonyeza kuti ndi mawu osiyana, angofanana kalembedwe. La ndalama linachokera ku banca ya Chitaliyana, benchi imene osintha ndalama ankawerengerapo makobidi, pomwe la gombe linabwera ndi anthu a ku Scandinavia, kumpoto kwa Ulaya. Mukapeza nambala yoyenera, zinazo ingozidumphani.

Mukati muwerenge zonse, tsiku likutherani: mu Oxford English Dictionary, mneni run yekha ali ndi matanthauzo 645.