Musamasake msika nkhuku zitakula kale

Januwale uno ndalowa m'makola angapo ku Machinjiri, ku Chirimba ndi ku Chigumula, ndipo paliponse ndapeza zofanana. Nkhuku zoyera zili mbwee m'khola, zina zikukanika n'kuimirira komwe chifukwa cha kulemera, mwini wake ali pakhomo ndi foni m'manja kuponya zithunzi pa status ya WhatsApp: "Nkhuku zilipo, imbani." Anapiyewo anawagula pakati pa Novembala, akuti pa Khirisimasi anthu adzazilimbirana. Sanadziwe kuti mnzake wa kuseri kwa mpanda waganiza chimodzimodzi, wa kutchalitchi nayenso, ndi mlamu wake wa ku Bangwe yemwe. Zonse zinakwana kugulitsa sabata imodzimodzi. Khirisimasi inadutsa, Nyuwere inadutsa, ndalama za anthu zapita ku fizi ndi feteleza wobereketsa, nkhuku zatsala m'khola zikudyabe.

Za kawetedwe ndilibe nazo mawu. Achinyamata amene akuyamba kumene ulimiwu akuchita bwino kuposa mmene tinkachitira ife: katemera wa chitopa ndi wa gumboro pa nthawi yake, utuchi wouma, mbaula usiku anapiye akadali aang'ono. Pomwe akugwera ndi pa funso limodzi, loti ndigulitsa kwa ndani, lomwe amadzifunsa tsiku limene nkhuku yakwana kale yogulitsa.

Nkhuku yoyera si mbuzi yoti mungaimangirire pa msipu n'kumadikira mtengo ukwere. Imakwana pa milungu 6, itadya chakudya chokwana pafupifupi makilogalamu 4. Kuchokera pamenepo imodzi imadya magalamu 150 mpaka 200 pa tsiku. Mukakhala nazo 100, ndiye kuti thumba la finisher, chakudya cha nkhuku zazikulu, la makilogalamu 50 likutha pa masiku atatu. Mukachedwa nazo milungu iwiri, mwatsanulira matumba anayi kapena asanu m'khola lomwe linayenera kukhala losesa kale. Ndipo mukugula matumbawo nthawi yoipitsitsa, chifukwa chakudya cha nkhuku ndi chimanga ndi soya, ndipo miyezi ino ndi imene chimanga chimakwera mtengo. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha m'khola chochokera kunja, mankhwala, mavitamini, chinasiya kukhala chotsika mtengo.

Ena amanditsutsa, amati koma alangizi, nkhukuyo ikukulabe, ndidzaigulitsa mokwera. Kwa ndani? Mayi wogula pa msika wa Ndirande kapena wa Limbe sabwera ndi sikelo. Amaigwira miyendo, n'kuikweza m'mwamba kawiri, n'kutchula mtengo womwe anagulira sabata yatha. Kunenepa kwa sabata ya 8 sakulipirirani. Kuonjezera apo nkhuku zolemera zimayamba kupuwala miyendo, ndipo dzuwa likawomba pa malata masana mumapeza ziwiri zitagona chagada. Mavenda nawonso amadziwa kununkhiza. Akaona kuti thumba lomaliza lapendekeka pakona ndipo a banki m'khonde akumana Loweruka, mtengo amatchula ndi iwo, inu n'kungovomera. Zotsalazo mumagawa kwa anansi kuti adzapereke mwezi ukatha, ndipo mwezi wa Febuluwale wonse mumathera pa kabaza kulondola ndalama za nkhuku zomwe zinadyedwa kalekale. Mnyamata wina ku Chirimba anandionetsa kope lake: mayina khumi ndi anayi, olipira atatu. Mpamba wogulira anapiye ena analibenso.

Chimandinyansa n'choti chizolowezichi si chachilendo. Tinachitengera kwa makolo, ndipo kwa iwo chinali ndi chifukwa. Munthu ankalima chimanga, mtedza kapena thonje, n'kudikira msika wa ADMARC utsegulidwe, mtengo unali wolengezedwa ndi boma. Wa fodya ankadinda mabelo n'kutumiza ku okushoni ku Limbe, ogula ankawapeza komweko. Ntchito ya mlimi inkathera pa kukolola. Komanso chimanga mukhoza kuchithira mankhwala n'kuchisunga mpaka Febuluwale. Nanga nkhuku? Nanga tomato, mkaka, keke? Ife tatenga nzeru ya m'nkhokwe n'kuiika pa katundu amene amadya kapena kuwola. Ndakhala ndikulankhula zimenezi pa misonkhano ya makalabu chaka ndi chaka, anthu n'kumagwedeza mitu, Novembala akafika onse pamzere wa anapiye.

Ndikumbukira mayi wina wa dimba ku Lunzu, wachikulire ndithu. Chaka china anatenga madengu a tomato kupita nawo mu tauni nthawi yomwe wa ku Bvumbwe ndi wa ku Ntcheu anali atadzaza msika. Anakhala tsiku lonse, madzulo n'kugulitsa dengu pa mtengo wosakwana ndi thiransipoti yomwe, lina n'kulisiya pomwepo litayamba kuchucha. Nditapita kukamuona chaka chotsatira, ndinapeza dimba lake ladzalidwa mosiyanasiyana, mizere ina ikupsa, ina ili ndi maluwa, ina yangowokeredwa kumene. Ndisanafunse n'komwe anayamba kuloza ndi khasu. "Mizere iwiri iyi ndi ya anyamata a chiwaya a pa siteji. Iyi ndi ya mayi wophika pa sukulu yogonera ija, amafuna wosapsetsa chifukwa amasunga masiku anayi. Uwu wokhawu ndi umene ulibe mwini, ndiwo ndimapita nawo ku msika." Ndinati amayi, zimenezi anakuphunzitsani ndani? Anaseka. "Alangizi, dengu lija ndinalisiya ku Limbe." Mayiyu sukulu sanapite nayo patali ndipo foni yake ndi ya mabatani, koma asanafese amayamba wayenda kukafunsa, ndipo amadziwa dzina la munthu amene adzadye mzere uliwonse. Anandipatsa tomato wa basela m'chipewa, ndinachita manyazi kukana.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya alimi okha. Pa msewu wopita ku Chileka pali mnyamata amene anaphunzira bwino kuwotcherera, satifiketi ali nayo. Anatenga mpamba wonse n'kupanga mafelemu a mawindo a saizi yomwe anaikonda yekha, n'kuwaimika m'mbali mwa msewu. Mvula yawapeza pomwepo, dzimbiri layamba. Chonsecho nyumba zikumangidwa mbali zonse, ndipo akanangolowa pa malo awiri atatu n'kufunsa amisiri kuti akusiya mipata yotani, akanapanga zoti zichoke. Telala amene akusoka madiresi osadziwa wovala, mtsikana amene waphunzira kuphika keke n'kumadikira kuti wina aione pa Facebook, matenda ake ndi omwewo. Safunsa anadya phula.

Ndipo za status zomwezi. Amene amaona status yanu ndi ndani? Ndi anthu amene ali ndi nambala yanu: azakhali, anzanu a ku sekondale, a kwaya. Amenewo ndi omwe amati "tisungireko imodzi, tionana pa 30." Mwini lesitilanti wa ku Ginnery Corner amene amaphika nkhuku tsiku lililonse nambala yanu alibe, ndipo sadzaiona status imeneyo mpaka kalekale. Choipa china, mtengo simulemba, mumati bwerani ku inbox. Munthu ali ndi bando ya tsiku limodzi, ayambe kukupatsani moni, kudikira muyankhe, kuti amve mtengo wa nkhuku? Amapita kwa amene walemba.

Tsono chochita ndi ichi, mwachidule chifukwa zambiri mukuzidziwa. Musanapereke ndalama ya anapiye, tayani sabata imodzi kuyenda wapansi. Malo odyera, a kanyenya, maloji, amayi ophika pa maukwati ndi zinkhoswe, masukulu ogonera, ngakhale mavenda omwewo, koma mukambirane nawo khola lisanadzaze. Funsani kuti amagula zingati pa sabata, zamoyo kapena zososola, zazikulu bwanji, akugula kwa ndani pakali pano, ndipo amalipira pompo kapena mwezi ukatha. Lembani m'kope. Chiwerengero chimene chatuluka m'kopemo ndicho cha anapiye oti mugule, osati chomwe khola lingakwane. M'malo mwa 100 nthawi imodzi, tengani 30 milungu iwiri iliyonse, m'zipinda zosiyana, kuti kasitomala akafuna sabata yamawa musamuuze kuti zatha adikire miyezi iwiri. Zikafika milungu 4 yambani kuimbira anthu aja, ndipo amene watsimikiza atumize kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Pa chithunzi chilichonse lembani mtengo, dera ndi nambala. Masitolo akuluakulu asiyeni kaye, kumeneko kuli za ziphaso ndi miyezo ya a Malawi Bureau of Standards, tidzakambirana tsiku lina.

Amene muli nazo kale m'khola, musadikire Pasaka. Ngati zilipo 100, werengani mtengo wa thumba limodzi, muugawe pa masiku atatu, muone ndalama imene mukutaya kukacha kulikonse, kenako tsitsani mtengo zichoke sabata ino. Ngati pali mnzanu wa firiji yaikulu, sosolani zina mukasungitse, koma mumufunse kaye kuti kwawoko magetsi akumazima maola angati.