Foni ikakana kutchaja, yambani ndi chophweka

Anzanga, foni ikangosiya kutchaja musathamangire kwa okonza mafoni poganiza kuti batire lafa kapena china chapsa mkati, ambiri tikutaya ndalama pamenepa zosafunika.

Onani kaye ngati magetsi alipo komanso soketi mwayatsa. Mukatero bwerekani chingwe cha mnzanu muyese, zingwe zotchipazi zimadukira mkati pafupi ndi kamutu pomwe timapindapinda paja koma kunja zimaoneka bwinobwino. Kenako thimitsani foni muunike kabowo kotchajira, kawirikawiri mumakhala mutadzaza fumbi ndi tiulusi ta m'thumba ndiye chingwe sichifika mkati. Tokosani pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano, singano ayi chonde, chitsulo chimawononga timapini.

Nzeruyi amaitcha Occam's razor, potengera William wa ku Ockham ku England, wa chipani cha Franciscan cha mu mpingo wa Katolika, yemwe anakhalako m'zaka za m'ma 1300. Zifukwa ziwiri zikamalongosola vuto mofanana, yambani ndi chomwe chili ndi zongoganizira zochepa. Sikuti chophwekacho chimalondola nthawi zonse ayi, koma kuchiyesa ndi ulere ndipo sikutenga nthawi. Zikakanika zonsezi ndiye pitani nayo kwa okonza mafoni, muwauze zomwe mwayesa kale asakugulitseni tchaja china.